Kuyala Mikanda ndi Tinyama Tosema pa Tsiku la Cionetsero

Ndilankhula ndi inu a m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, m'maiko a mafumu a Akunda: kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Jumbe, kwa Msoro ndi kwa Malama. Mau anga lero apita kwa amai amene amatunga mikanda ndi kupanga ndolo ndi zibangiri, ndiponso kwa abambo ndi anyamata amene amasema tinyama ta mtengo, kuumba ting'ombe ta dothi, kapena kupinda waya kufikira atasanduka kanjinga kokhoza kuima pa cikhato. Sindidzakuphunzitsani luso lanu, pakuti mulidziwa kuposa ine. Ndifuna kuti tikambirane za tsiku limodzi lokha, tsiku limene munyamula nchito ya miyezi itatu kapena inai kukaiyala pamaso pa anthu, kaya ndi pa cionetsero ca zaulimi ca m'boma lathu, kaya ndi pa mwambo wa Malaila, kaya ndi ku Chipata, kapena ku cionetsero cacikuru ca ku Lusaka cimene cimacitika kuciyambi kwa mwezi wa Ogasiti.

Tsiku limeneli si lamasewera. Pa thebulo lanulo pagona ndarama za sukulu, za feteleza, ndi za ufa wa m'Januwale, makamaka kwa banja limene njobvu zinalidyera cimanga conse usiku umodzi. Munthu akhoza kukhala mmisiri weniweni, nabwerera kwao ndi dengu lodzaza monga anacokera nalo, pamene mnzace wa luso locepa wagulitsa zonse. Ambiri akatero amati mnzaoyo ali ndi mankhwala. Kawirikawiri mankhwala ace ndi kayalidwe cabe.

Wogulitsa matimati sabvutika kuitana anthu. Mulu wofiira uoneka patali, ndipo wogulayo anacoka kunyumba ali nalo kale ganizo la ndiwo. Koma palibe munthu amene amadzuka m'mawa nanena kuti, "Ndikapanda kugula kanjobvu ka mtengo lero, ndigona ndi njala." Ndolo ndi kanthu kocepa ngati cikhadabo, ndipo munthu woyenda pakati pa khamu, nyimbo zirikulira, pfumbi lirikuuluka, sangakaone pokhapokha mutakakweza, mutakapatsa malo akeake, ndi kukaika pomwe dzanja lace lingakafike. Nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

Komatu kucepa kwa zinthu zanu ndi mwai wanu. Kumbukirani m'mene alendo anayambira kufika kwathu kuno. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti dera lina la dziko lace lipatulidwe likhale la nyama, alendo azibwera kudzaziona, ndipo ndarama zimene alipira zithandize eni dziko. M'caka ca 1972 boma linakhazikitsa South Luangwa National Park, nkhalango ya masikweya kilomita 9,050. Ambiri mwa alendo a kutali amatera ndi ndege pa Mfuwe, ndipo katundu wao amayesedwa pa sikelo. M'tindege tating'ono malire ace ngocepa ndithu. Mpando wosema kapena ng'oma yaikuru mlendo amaiyamikira ndi pakamwa naisiya pomwepo. Kamvuu kolowa m'thumba la malaya, ndi mkanda wobvala m'khosi pokwera ndege, izi ndizo angathe kupita nazo. Dziwaninso kuti nyengo yathu njaifupi. Alendo amacuruka kuyambira m'Juni kufikira m'Okutobala. Mvula ikagwa misasa yambiri ya m'chire imatsekedwa. Tsiku limodzi lotayika m'cilimwe silibwezedwa m'dzinja.

Cifukwa cace nchito ya cionetsero iyambe sabata lathunthu tsikulo lisanafike. Ngati malowo ali pafupi, pitani mukawaone ndi maso. Funsani kwa akuru a cionetsero kuti malo alipiridwa zingati, ndi akuru bwanji, ndiponso ngati thebulo mubwera nalo nokha. Yang'anani kumene anthu adzalowera, ndi njira imene adzatsata popita kukagula zakudya, pakuti njira imeneyo siuma mapazi. Musakhale moyandikana ndi ookca nyama, cifukwa utsi umadetsa nsaru ndi nthenga. Musakhalenso pafupi ndi zimkuzamau, pakuti malonda anu afuna kukambirana. Tsono yang'anani kumwamba. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa kuno limayenda mopendekera kumpoto, kotero cisakasa coyang'ana kum'mwera cikhala ndi mthunzi pafupifupi tsiku lonse. Koma mphepo ya cilimwe imaomba kucokera kum'mawa cakum'mwera. Mangani mphasa mbali ya kum'mawa kuti ichinge mphepoyo, ndipo zikani nsici zolimba, pakuti kamvuluvulu wa m'Seputembala sapempha njira. Mthunziwo si wa inu nokha ai. Cibangiri ca mkuwa cokhala pa dzuwa la m'Okutobala cimatentha kotero kuti mai wociyesa pa mkono adzacibvula msanga, ndipo munthu woimirira pa dzuwa sacedwa pa malonda.

Tifike pa thebulo. Colakwa cimene ndimaciona kawirikawiri ndi kuyala mphasa pansi ndi kukhuthulirapo zonse monga ayanikira mphale. Madengu ndi mitondo zikhoza kukhala pansi, koma ndolo ndi mphete iai. Munthu wacikulire safuna kugwada pa pfumbi pakati pa anthu, ndipo amene wagwada amaona ngati wadzimanga kale kuti agule, cotero ambiri amangodutsa. Thebulo lifike m'ciuno mwa munthu wamkuru, ndiko kunena pafupifupi masentimita 90. Ngati liri lalifupi, ikani njerwa kunsi kwa miyendo yace. Ngati mulibe thebulo, citseko cakale cogonekedwa pa nsici zinai cikwanira.

Pa thebulopo yalani nsaru ya mtundu umodzi, yofika mpaka pansi kutsogolo kuti ibise madengu ndi mbale zanu za nsima. Apa ndidziwa kuti amai ena sadzagwirizana nane, pakuti citenje ca maluwa ncokongola, ndipo mtima umafuna kuyala cokongola pa tsiku lalikuru. Koma citenje ciri ndi mau ambiri. Mukaika mkanda wofiira ndi wobiriwira pa citenje ca maluwa ofiira ndi obiriwira, mkandawo usowa monga isowera nkhwali m'udzu. Tengani biriwita wakuda pa zinthu zowala, monga mkuwa, waya woyera, mikanda yoyera ndi yacikasu. Tengani nsaru yoyera kapena mkeka watsopano pa zinthu zakuda, monga tinyama ta phingo ndi ta tsanya. Citenje canu cokongolaco bvalani inu eni.

Thebulo lisakhale lathyathyathya ngati bwalo. Ikani makatoni kapena matabwa kunsi kwa nsaru kuti pakhale masitepe awiri kapena atatu, otsika kutsogolo, okwera kumbuyo. Ganizani za anthu atatu: wina ali patali mapazi makumi awiri, wina waima pa thebulo, wina watambasula dzanja. Wa patali uja saona ndolo. Afuna cinthu cimodzi cacikuru comuitana, monga nyamalikiti wamtali woimikidwa pa ngodya, kapena mikanda yambiri ya mtundu umodzi yolendewera pa nsungwi pamwamba. Cinthu cimeneco cingakhale osagulidwa caka conse, koma cagwira nchito yace ngati caimitsa munthu. Woima pa thebulo aone zabwino zanu zoposa zonse molunjika ndi cifuwa ndi maso ace. Wotambasula dzanja apeze kutsogolo tinthu tolimba ndi tochipa, timene mwana angatigwire popanda inu kudumpha mtima.

Mkanda unapangidwira khosi, ndipo ukagona pansi umaoneka ngati cingwe cakufa. Upacikeni. Nthambi youma ya tsanya yozikidwa m'citini ca mcenga ikhoza kunyamula mikanda khumi, uliwonse pa kanthambi kace. Cikho cozondotsa kapena cipatso ca mlambe ciri ngati khosi ndi mapewa a munthu, ndipo mkanda wanu wopambana ukhale pamenepo wokha. Ndolo muzibaye ziwiriziwiri pa timakadi tolimba, timakadito mutikolowere pa cingwe comangidwa pakati pa nsungwi ziwiri. Zikakhala m'mbale zimakolana, ina nkutayika, ndipo ndolo imodzi siigulidwa. Zibangiri muzitunge pa munsi waung'ono kapena pa botolo. Ndipo musaiwale kalilole. Ndinena kawiri: musaiwale kalilole, wamkuru woonetsa nkhope yonse ndi khosi, womangidwa pa nsici kuti asagwe. Mai amene wadziona atabvala mkanda wanu wayenda kale theka la ulendo. Usiku wotsatana ndi tsikulo kokani ulusi wa mkanda uliwonse, yesani zokowera zonse, cotsani ziri zonse zocita dzimbiri. Mkanda woduka m'manja mwa wogula umathawitsa onse oimirira pambali pace.

Za tinyama tosema ndiri ndi mau ocurukirapo. Mmisiri amene wasema tinjobvu makumi atatu amafuna kuti tonse tioneke, natindandalika ngati asilikari pa perete. Wogula akaona makumi atatu ofanana amaganiza kuti tacokera ku fakitale, nayamba kutsitsa mtengo. Turutsani titatu, tosiyana msinkhu, tonga make ndi ana ace. Totsalato tikhale m'dengu kunsi, ndipo kamodzi kakagulidwa muturutse kena. Ndiponso tipatseni kwao. Tengani licero lalikuru kapena thireyi, thiranimo mcenga woyera wa ku mtsinje, yalani kansaru kobiriwira mokhotakhota kakhale Luangwa, mvuu zikhale m'madzimo, ng'ona pa mcenga, njobvu zirikutsika kudzamwa, nyalugwe ali pa kanthambi. Ana adzayamba kuima, ndipo pomwe paima ana makolo aimanso. Munthu amene anafuna mvuu imodzi adzaona kuti siyenera kupita yokha. Kumbukirani kukweza licerolo, pakuti kanyama koonedwa kucokera pamwamba kamaoneka msana wokha, nkhope imene munabvutika nayo masiku awiri osaoneka.

Semani nyama zathu. Mlendo amagula cimene waciona m'mawa womwewo. Nyamalikiti wa kuno, amene Azungu amamucha dzina la Thornicroft, sapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'cigwa cino. Mbidzi yathu iri ndi mizere yopyapyala yofika mpaka ku ziboda. Tiri ndi mimbulu, nyalugwe, ndi mvuu zosawerengeka. Nanga bwanji matebulo athu adzaza ndi zifanizo za anthu atali a mikondo a ku Kenya, zimene mlendo waziona kale pa mabwalo a ndege atatu asanafike kuno? Cipembere naco cinatha m'nkhalango yathu cifukwa ca opha nyama mozemba. Zimene ziripo m'Zambia za mtundu wakuda zinabwezedwa ku North Luangwa kuyambira m'caka ca 2003. Mukacisema, cisemeni modziwa mbiri imeneyo, kuti mukhoze kuifotokoza. Musanyoze tinthu ta pamudzi: kamtondo ndi kamunsi, kankhokwe, kabwato ka asodzi, kanjinga konyamula thumba la makala. Aphunzitsi, anamwino ndi anchito a boma ocokera ku Chipata ndi ku Lusaka amakonda zotere, ndipo iwowa ndiwo amagula ngakhale caka cimene ndege zacepa, monga tinaonera m'caka ca 2020 pamene matenda a Covid anatseka maulendo.

Tsono mtengo. Lembani mtengo pa cinthu ciri conse, ndi manambala akuru ooneka bwino. Ambiri amakana, amati, "Ndiyambe ndaona nsapato za wogula." Nzeru imeneyo imadya mwini. Alendo ambiri a kutali sanazolowere kutsatsana malonda. Akapanda kuona mtengo amacita manyazi kufunsa, kapena amaopa kunyengedwa, nangomwetulira ndi kupita. Munthu wa kwathu nayenso akapanda kuona mtengo amati izi nza Azungu. Powerengera mtengowo phatikizani zonse: mikanda ndi zokowera zimene munagula, masiku amene munagwira nchito, ulendo wa basi, msonkho wa malo, ndi cakudya ca tsikulo. Mukafuna kusiya mpata wotsitsirapo, ukhale wocepa, ndipo mudziwiretu pamene simungatsikepo. Pakhale zinthu za matumba onse, kuyambira kamphete ka K20 kamene mwana wa sukulu angagule, kufikira mkanda umodzi wodula umene uonetsa pomwe luso lanu lifika. Bwerani ndi cenji yokwanira m'kathumba ka m'ciuno, ndipo nambala yanu yolandirira ndarama pa foni ilembedwe pa cikwangwani.

Pali zinthu zimene siziyenera kufika pa thebulo lanu konse. Mnyanga wa njobvu, mano a mvuu, zikhadabo za mkango kapena za nyalugwe, mamba a ngaka, ubweya wa ku mcira wa njobvu: lamulo la nyama za m'chire la m'caka ca 2015 limaletsa kukhala ndi zotere popanda cikalata ca boma, ndipo pa mnyanga cilango cace ndi ndende ya zaka. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa m'caka ca 1989. Ngakhale khoza limene anakusiyirani agogo anu lisapite ku cionetsero. Tiri naco coyera cina cosapalamulitsa: njere ya mgwalangwa, youma gwa, yoyera m'kati, imene imasemeka ndi kupukutika ngati mnyanga. Koma lembani poyera kuti ndi njere ya mtengo, kuti wogula asaope. Nthenga zikhale za nkhanga zoweta. Timbeu tija tofiira ta kadontho kakuda, timene ana amatola m'chire, tiri ndi ululu woopsa tikaboola ndi kutafunidwa, musatitunge. Dziwaninso kuti maiko ena, monga Australia ndi New Zealand, amabvuta kwambiri pa mbeu, nthenga ndi mitengo yofumbwa, kotero mlendo akakana mkanda wa mbeu musamuyese wonyoza. Muonetseni wa galasi kapena wa mkuwa.

Ndipo nenani zoona za cinthu canu. Ngati kanjobvu nka mtengo woyera wopakidwa polishi wa nsapato, musati nka phingo. Polishiyo adzatsala pa malaya a wogula m'sutukesi, ndipo iye adzauza anzace za anthu a ku Mfuwe onse, osati za inu nokha. Coona cimagulitsa cikafotokozedwa bwino. Taonani a Mulberry Mongoose, amene anayamba nchito yao kuno m'caka ca 2013: amatenga waya wa misampha imene oteteza nyama aonjola m'chire, namusula, namusandutsa zibangiri ndi ndolo, ndipo gawo la ndarama limabwerera ku nchito yoteteza nyama. Wayayo payekha ngwacabe. Cimene wogula anyamula ndi mbiri yace. Sindikuti mupite m'chire kukafuna waya, iai, pakuti wopezeka ndi msampha adzabvutika kufotokoza. Ndikuti cinthu canu naco ciri ndi mbiri. A Tribal Textiles, amene anayamba m'caka ca 1991, amalola alendo kuona m'mene nsaru ilembedwera ndi phala la ufa isanapakidwe utoto, ndipo woona ndi maso sadandaula mtengo. Kapepala kakang'ono konena dzina la mtengo, mudzi umene cinapangidwira ndi masiku amene cinatenga, kakwanira. Mwina muli nayo m'nyumba peni yakale ya ciboo pakati, ya masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ija ya njobvu ziwiri. Ikatungidwa pa mkanda iri ndi nkhani yace kale. Ndarama zimene zirikugwira nchito lero musaziboole.

Ndingoonjeza mau pang'ono kwa iwo amene amayesa nchito ya mikanda cinthu cacilendo cobwera ndi alendo a makamera. M'caka ca 1960 anthu okumba maziko pa Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi kunsi kwa Kariba, anapeza manda akale a anthu oikidwa ndi mikanda ya golidi, mikanda ya galasi yocokera kutsidya kwa nyanja, mphande ndi zibangiri za mkuwa. Malonda amenewa ngakale m'dziko lino kuposa ndege ndi misewu.

Potsiriza, inu eni malonda. Musaime kutsogolo kwa thebulo ngati mlonda, ndipo musakhale kumbuyo mutaweramira foni. Khalani pambali, pa mpando wokwera, muli ndi nchito m'manja: amai atunge mikanda, abambo apale kanyama ndi kampeni. Anthu amakonda kuona manja akugwira nchito, ndipo amatsimikiza kuti zinthuzo nzanu. Munthu akafika mpatseni moni, "Takulandirani, amai, yang'anani momasuka," kenaka mlekeni apume. Akanyamula kanthu, pamenepo ndipo munene mau amodzi kapena awiri a kanthuko. Musapite nokha, tengani mlongo wanu kapena mwana wamkuru, kuti wina akamakulunga malonda wina ayang'anire thebulo, pakuti mphete imalowa m'thumba mosamveka, ndipo kwathu kuno ngakhale anyani amaba. Konzeranitu mapepala akale ndi timatumba tosokedwa ndi zidutswa za citenje. Miyendo ya nyamalikiti ndi nyanga za njati muzikulunge pazokha, cifukwa ndizo zimayamba kuthyoka. M'thumba liri lonse ikani kapepala ka dzina lanu ndi nambala ya foni, pakuti mwini sitolo wa ku Lusaka akhoza kufuna makumi asanu mwezi wamawa.

Khalani ndi kabuku. Lembani zimene zagulidwa, ndiponso zimene anthu anazinyamula kawirikawiri nazibwezera pansi, pakuti pa zimenezo pali cina cofunika kukonza, kaya mtengo, kaya utali wa cingwe, kaya kulemera kwa ndolo. Yesani kuyala konseku kunyumba tsiku limodzi cionetsero cisanafike, muime patali mapazi makumi awiri, muitane mnansi wosakunyengererani anene cimene waona poyamba. Ndipo pa tsikulo, inu a ku midzi ya m'mphepete mwa nkhalango, yambani kulongedza dzuwa likadalipo, kuti njobvu zisakupezeni pa njira muli ndi dengu pamutu ndi ndarama m'ciuno.